Matumba Asanu ndi Anayi Amene Anabwerera ku Nsaru

Matumba khumi ndi awiri a mtedza woswa anapita ku Mpingu Lachiwiri limenelo, ndipo asanu ndi anayi anabwerera pa lole yomweyo. Fletcher, dalaivala wa loleyo, anawatsitsa yekha pakhonde la kanyumba kosungira mbewu pa Nsaru, maso ali pansi.

"A Bridget akuti muwaimbire," anatero. "Ine ndangotumidwa, amake Vanessa. Koma nkhope yawo sinali yocheza."

Felesita anamasula thumba limodzi napisa dzanja mpaka m'chigongono. Pamwamba mtedza unali wofiira bwino, wosiririka. Wa pakati unali wofunda ngati mazira a nkhuku yofungatira, ndipo unatuluka ndi kafungo ka m'nyumba yodontha. Anaswa njere imodzi ndi chikhadabo. M'kati munali kaufa kobiriwira. Chuku.

Aliyense wogula ndi kugulitsa mbewu pakati pa Nsaru ndi Kabudula amamudziwa Felesita. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto, foni ili m'kachikwama kopachika m'khosi. Sikelo yake ndi yakale koma alimi amaikonda chifukwa amaitembenuzira kwa iwo kuti aone okha. Iye si wa kuno kwenikweni. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo iye anabadwira komweko, nakulira m'chigafa, akusankha masamba pambali pa amayi ake. Kenako anakwatiwa ndi Eric, wokonza njinga pa Nsaru, amene anamutengera chitengwa kumudzi kwawo. Geni anayamba ndi zitumbuwa. Zitumbuwa zinabala tomato, tomato anabala ndowa ziwiri za mtedza pa kabaza, ndowa zija zinasanduka matumba.

Chimene chinamukweza si mpamba, chifukwa mpamba analibe. Iye ali ndi diso loona pamene anthu awiri akusowana koma sakudziwana. Anaona kuti lole ya Fletcher imabweretsa simenti, malata ndi sopo m'masitolo a pa Nsaru kenako imabwerera m'tauni ili yopanda kanthu, ikumwa dizilo chimodzimodzi. Anamupempha kuti pobwerera azimunyamulira matumba pa theka la mtengo, Fletcher navomera asanamalize n'kulankhula komwe. Anakumananso mu minibasi ndi Bridget, mayi wa ku Mpingu wopera chiponde cha m'mabotolo, akudandaula kuti mavenda amamugulitsa mtedza wa timiyala tomwe tikumuthera makina. Asanafike pa Msundwe anali atapatsana manambala. Kwa zaka ziwiri tsopano mtedza wa m'midzi ya kwa Felesita unkathera m'mabotolo a Bridget, ndipo ndi mtedza womwewo umene unkalipirira mwana wake Vanessa sukulu ya sekondale.

Choncho masana omwewo Felesita anamuimbira Bridget foni.

"Achemwali, ine sindikukana inuyo," anatero Bridget. "Koma chiponde changa chimadyedwa ndi ana. Masitolo awiri amene amandigula m'tauni ayamba kumakayezetsa mabotolo. Akangopeza chuku kamodzi, dzina langa lathera pomwepo."

"Ndamva, asisi."

"Mwamva, eti? Ulendo wina umodzi wokha. Ukadzabwera chonchi, ndiyamba kugula ku Mchinji. Sindikuopsezani, ndikungokuuziranitu."

Felesita sanafunse kuti chukucho chachokera kuti. Ankadziwa, monga momwe aliyense wa kuno amadziwira.

Mtedza wa Chalimbana ukauma bwino, khoko lake limalimba ngati khungwa. Amayi a m'mudzi akafuna kuswa, amauthira pamphasa m'mawa, amauwaza madzi ndi dzanja monga owaza pabwalo asanasese, amauphimba ndi chiguduli kanthawi, kenako makoko amafewa n'kumatseguka mosavuta. Si chinyengo ayi. Palibe amene amaganiza za sikelo. Ndi mmene anawaphunzitsira amayi awo, pofuna kusunga zala. Akatha amauyanika pang'ono padzuwa n'kuuthira m'thumba. Kale zimenezi zinalibe vuto, popeza ndowa ziwiri zinkagulidwa tsiku lomwelo n'kukathera m'nsinjiro za ndiwo. Koma tsopano matumba ankadikira kuti akwane oti lole iime, ndipo ankakhala sabata ziwiri, mwina zitatu, atasanjikizana m'kanyumba ka malata. Chinyezi chija chinkapeza nthawi yogwira ntchito yake.

Vuto lenileni linali lakuti amayi oswa mtedzawo anali ndi mtsogoleri, ndipo mtsogoleriyo anali a Nambewe, apongozi ake a Felesita.

A Nambewe ndiwo anasonkhanitsa amayi asanu ndi atatu pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo pamene geni inkayamba. Ndiwo ankagawa ndowa, ndiwo ankathetsa timikangano, ndiwo ankauza alimi a m'mudzimo kuti asagulitse kwa wina koma kwa mtengwa wawo. Mwana wa matenanti sakanapeza alimi okhulupirika chotere popanda iwo. Nanga mtengwa amayamba bwanji kuuza apongozi kuti dzanja lawo ndi limene lawononga matumba asanu ndi anayi?

Anayesa kudzera mwa mwamuna wake. Anamupeza pansi pa mthethe pamene amakonzera njinga, akumata chubu.

"Abambo a Vanessa, amayi aja ndi anu. Mukawauze ndinu."

Eric anaviika chubu m'beseni la madzi n'kuyang'anitsitsa ngati m'menemo muli nkhani yaikulu.

"Ine za mtedza sindizidziwa," anatero.

"Koma kudya mumadziwa."

"Kudya ndi mphatso ina. Amayi aja ukawauza kuti alakwitsa, amakukumbutsa tsiku limene unabadwa ndi mmene mvula inkagwera. Ine nkhani imeneyo ndaimva kokwanira."

Felesita anaseka ngakhale mtima unali wolemera. M'mawa mwake anaganiza zoyamba wayesa yekha kuswa. Anatenga ndowa ya mtedza wouma, wosawaza, nakhala nayo kuseri kwa nyumba. Dzuwa lisanafike pamutu chala chake chachikulu chinali chitang'ambika pambali pa chikhadabo, ndowa isanafike n'pakati pomwe. Anayang'ana magaziwo nadziwa kuti sangapite pansi pa mango kukanena kuti lekani kuwaza madzi. Akanakhala akuwapempha kuti azimugulitsa khungu la zala zawo pa mtengo wa ganyu.

Anamanga chalacho ndi kansanza napita kwa munthu amene sankamulonjera kawirikawiri.

Hopeson Chikoti amagula mbewu tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi Felesita. Zaka zonsezi akhala akulandana alimi. Wina akakweza mtengo pang'ono m'mawa, mnzake amakweza masana. Hopeson ali ndi makina oswera mtedza, opukusa ndi manja, amene anawotcheretsa kwa mmisiri wa pa Namitete. Makinawo amamaliza thumba munthu asanatope, ndipo safuna dontho la madzi. Koma amatulutsa zonse pamodzi: njere zathunthu, zobenthuka, makoko, ndi mphwephwa, tinjere tofota tija. Hopeson analibe womusankhira, choncho ankagulitsa chisakanizo chakecho motchipa kwa mavenda, uku akudandaula.

"Kodi lero dzuwa latulukira kuti?" anatero ataona Felesita akuwoloka msewu. "Amake Vanessa pakhomo panga? Mwabwera kudzaona mtengo wanga kuti mukakweze wanu?"

"Mtengo wanu ndimaumva ndili kwathu, achimwene. Mumafuula."

"Ndamva kuti matumba anu apita kukaona tauni n'kubwerako."

"Abwerako. Anu safika n'komwe ku tauni, amathera pa Msundwe pa mtengo wa misale."

Hopeson anaseka mpaka kutsokomola, namukokera mpando. Felesita anapisa dzanja m'thumba limodzi la mtedza wa Hopeson, natapa, nayala pachikhatho.

"Onani. Apa pali mitundu itatu ya ndalama, koma inu mukugulitsa pa mtengo wa yotsikitsitsa. Njere zathunthuzi ogula a m'tauni amazifuna pa mtengo wabwino. Zobenthukazi asisi anga a chiponde alibe nazo vuto, bola zikhale zouma ndi zoyera, popeza akukazipera basi. Mphwephwazi ndiye zikukugwetserani zonse. Inu muli ndi makina opanda maso. Ine ndili ndi maso asanu ndi atatu kuwirikiza kawiri, koma zala zawo zatopa."

"Ndiye mukufuna makina anga."

"Ndikufuna makina anu aswe mtedza wanu ndi wanga. Amayi ondiswera aja asankhe wanu ndi wanga. Ganyu tizilipira aliyense pa matumba ake. Ndipo tikaphatikiza katundu, lole ya a Fletcher iziima sabata iliyonse, palibenso thumba logona m'nyumba."

Hopeson anakanda chibwano. Anthu a geni amawerengera chamumtima nkhope ili phee, koma milomo yake inkagwedera pang'ono.

"Nanga alimi?" anafunsa.

"Alimi tizilandanabe. Pamenepo musayembekezere chifundo."

"Bola pamenepo. Ndimaopa kuti mwadwala."

Anagwirana chanza. Koma onse awiri ankadziwa kuti pangano limenelo linali lisanapsye, chifukwa mwini wake wa mtengo wa mango anali asanalimve.

Felesita sanapite kwa apongozi ake ndi mawu. Anakweza thumba limodzi mwa obwezedwa aja pa njinga, nakafika nalo m'mawa amayi ena asanabwere. Anapeza a Nambewe atayala kale mphasa, chidebe cha madzi chili pambali. Anagwada chapatali, nawomba m'manja, nawafunsa mmene adzukira, mmene bondo lawo lagonera, ndi ngati mbuzi yotayika ija yapezeka. Zitatha izo anati:

"Amayi, ndabwera ndi mtedza uwu wandivuta. Maso anga sakuona bwino chimene chachitika. Ndati mwina inu mundithandize."

A Nambewe anakoka lichero. Anatapa pamwamba, napeta, nagwedeza mutu kuti uli bwino. Kenako anapisa pakati. Anaununkhiza. Analuma njere imodzi, nailavulira kumbali msangamsanga. Anayang'ana thumbalo, kenako chidebe cha madzi chija.

"Wakhala masiku angati m'thumba?"

"Sabata zitatu, amayi."

"Ndiye umati uume bwanji, uli wotsekera?" Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Ife timawaza kuti tidye mawa. Sitimawaza kuti tisunge mwezi. Abwezedwa angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Ndipo iwe wakhala nazo masiku onsewa osanena, ukuzungulira kwa Eric. Iyeyo anabwera dzulo kuno kudzandifunsa za bondo, munthu amene sanafunsepo za bondo langa chibadwire. Ndinadziwa kuti pali nkhani." Anagwira dzanja la Felesita naona chala chomanga chija. "Ichi n'chiyani?"

"Ndimayesa kuswa wouma."

"Mwana wa ku fodya iwe. Fodya ndi wofewa. Uwu ndi Chalimbana, dzina lake silinama."

Apa ndi pamene Felesita anafotokoza za makina a Hopeson. Nkhope ya a Nambewe inasintha.

"Ndiye chitsulo cha mwana wa a Chikoti chidzadye ganyu ya amayi anzangawa? Anachisale akulera zidzukulu zitatu ndi ndowa zimenezi."

"Ganyu sikutha, amayi, ikuchuluka. Chitsulocho sichiona. Chimaswa basi. Kupeta ndi kusankha ndi kwanu, ndipo tsopano mudzasankha matumba anga ndi a Hopeson omwe. Zala zidzapuma, maso ndiwo adzagwira ntchito."

"Kuti? Ku Nsaru, m'fumbi la malole?"

"Makinawo ali kumeneko."

"Ndiye ayi." A Nambewe anabweza lichero. "Ukuganiza kuti timakhala pansi pa mtengo uno chifukwa cha ndowa zokha? Pano ndi pamene timadziwira amene wadwala, amene mwana wake wathawa sukulu, amene mwamuna wake wayamba kuchedwa kobwera. Wina akuyamwitsa, wina akuyang'anira mbuzi. Tikapita ku Nsaru, mudzi ukhala wa ndani? Chitsulocho ngati chikufuna ife, chibwere kuno. Chilibe miyendo, koma ngolo zilipo."

Felesita anabwerera nawo mawuwo kwa Hopeson, amene anadandaula madzulo onse. Makina ndi olemera, msewu wa kumudziko ndi wa mabampu, nati ikamasuka ndani adzalipira? Felesita anamusiya alankhule mpaka atatopa, kenako anamukumbutsa kuti pa Nsaru pali munthu wina amene ntchito yake ndi kumanga manati tsiku lonse, ndipo munthuyo ali ndi mangawa a chikumbumtima kwa mkazi wake. Umu ndi mmene Eric, amene za mtedza sazidziwa, anapezekera akuyenda pambuyo pa ngolo yonyamula makinawo Lolemba m'mawa, sipanala ili m'thumba la malaya.

Tsiku loyamba silinayende bwino. Makina anali omangidwa mothina kwambiri ndipo ankaphwanya njere zambiri kuposa zimene ankasiya. A Nambewe anatapa zotulukazo nazionetsa kwa Hopeson.

"Mwana wa a Chikoti, ichi n'choswera mtedza kapena chigayo? Ngati mukufuna nsinjiro mukananena, mtondo tili nawo."

Amayi onse anaseka. Eric anagona pansi pa makinawo, namasula apa, namanga apo, mpaka njere zinayamba kutuluka zathunthu. Pofika Lachitatu, malichero anali akuyenda ngati akhala akuchita zimenezi chiyambire. Makoko ankauluka, mphwephwa ndi njere zakuda zinkapita m'chidebe chawochawo, ndipo nkhani za m'mudzi zinkapitirira, kungoti tsopano ankazinena mokweza kuti zipose phokoso la chitsulo. Chidebe cha madzi chinalipobe pansi pa mango, koma chinali ndi kapu pamwamba.

Matumba asanu ndi anayi obwezedwa aja Felesita anataya nawo ndalama ndithu. Amayi anasankha zimene zikanapulumuka, koma zambiri zinali zitapita, ndipo iye anakana kuzigulitsa kwa aliyense woti akadyetse anthu. Fizi ya Vanessa ya teremu imeneyo inakwanira chifukwa mbuzi ziwiri zinapita ku msika.

Lachiwiri lotsatira Felesita sanatumize katundu yekha. Anakwera kutsogolo kwa lole, pambali pa Fletcher, matumba ake ndi a Hopeson atasanjikizana kumbuyo, aliyense ndi chizindikiro chake cha utoto. 

Bridget anawalandira pa geti, atavala epuloni yonunkhira mtedza wokazinga. Sanasankhe thumba la pamwamba. Analoza la pansi penipeni, pakona, Fletcher nalitulutsa akung'ung'udza. Analimasula, napisa dzanja mpaka m'chigongono, natapa za pakati. Anazigwedeza m'chikhatho pafupi ndi khutu. Zinalira ngati timiyala ta m'chitini. Analuma imodzi, inathyoka ndi kaphokoso. Anachita chimodzimodzi ndi thumba lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza, Felesita ataima pambali manja ali kumbuyo.

"Awa a utoto wobiriwira ndi a ndani?" anafunsa Bridget.

"A mdani wanga."

"Mdani wanuyo ali ndi mtedza wabwino." Anapukuta manja pa epuloni. "Ndikatumiza pang'ono kukayezetsa monga mwa masiku onse, koma dzanja langa landiuza kale. Tsitsani onse, a Fletcher. Achemwali, chala chatani?"

"Sukulu ya mtedza," anatero Felesita.

Zotsatira za kuyezetsa zitabwera, Bridget anaimba foni n'kunena kuti za ku Mchinji aziiwale, ndipo anafunsa ngati angathe kumamupatsa matumba ena asanu pamwamba sabata iliyonse, popeza sitolo yachitatu yayamba kufunsa chiponde.

Matumba asanu owonjezera sangatuluke m'midzi imene Felesita ndi Hopeson amagulamo kale, ndipo makina amodzi sangayende mitengo iwiri ya mango tsiku limodzi. Felesita wawerengera kale. A Nambewe ali ndi mng'ono wawo amene anakwatiwa kufupi ndi Nambuma, kumene alimi amalima mtedza wambiri koma amauswabe ndi madzi. Loweruka likubwerali Felesita akwera nawo njinga yamoto apongozi akewo kukalankhula ndi amayi a kumeneko, ndipo Lolemba Eric ndi Hopeson apita ku Namitete kukawotcheretsa makina achiwiri.